Mwana akafunsa ku Dubai kuti madziwa achokera kuti, tidzamuyankha chiyani?

Sukulu zikangotsekera kumapeto kwa Julaye, mafoni athu amadzaza ndi zithunzi zofananafanana. Bambo, mayi ndi ana aima patsinde pa Burj Khalifa, nsanja ya mamita 828 ija, onse maso ali kumwamba. Kamtsikana kavala chijekete chochindikala, kakuumba chipale chofewa ndi manja. Kamnyamata kakutsetsereka m'madzi ku Aquaventure, kukamwa kuli yasa. Ena anyamukira ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ena akwerera ndege za Emirates ku Lusaka kapena ku Harare, enanso ndi abale athu a ku Johannesburg ndi ku London amene apangana ndi a kumudzi kuti akakumane pakatikati. Ku Dubai, kumene tinkangokudziwa ngati kokaoda mafoni, nsalu ndi zitsulo za galimoto, lero kwasanduka kopita ndi ana patchuthi.

Palibe amene tikumuloza chala. Munthu akakhetsa thukuta chaka chonse n'kufuna kuti ana ake aone dziko, wachita bwino, ndipo mwana woyenda amatseguka mutu msanga. Koma ana amafunsa. Amafunsa m'ndege, amafunsa m'takisi, amafunsa chakudya chili kukamwa, ndipo ife akuluakulu tinazolowera kuwadula ndi mawu akuti "tadya kaye". Mzinda uwu uli ndi mafunso amene kholo liyenera kuyamba ladzifunsa lokha lisanagule tikiti. Paja safunsa anadya phula.

N'chifukwa chiyani mahotela a ku Dubai amatsitsa mitengo mu Julaye ndi Ogasiti, nthawi yomweyo imene ana athu ali patchuthi chachitali? Ndi dzuwa. M'miyezi imeneyi kutentha kumapitirira madigiri 40 pafupifupi tsiku lililonse, ndipo chinyontho chochokera m'nyanja chimachititsa kuti thukuta lisaume pathupi. Ngakhale munthu wa ku Nsanje kapena ku Ngabu, amene Okutobala samuopa, amathamangira mthunzi. Boma la United Arab Emirates lenilenilo limaletsa kugwiritsa anthu ntchito padzuwa kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana, kuchokera pa 15 Juni kufika pa 15 Seputembala chaka chilichonse. Ngati lamulo likuti mwamuna wamphamvu zake asanyamule njerwa nthawi imeneyo, mwana wa zaka 4 akufunanji pamchenga? Ndiye makolo, mwanzeru ndithu, amamusunga m'kati: kutuluka m'chipinda kulowa m'takisi, kutsika takisi kulowa m'chisitolo, madzulo kubwerera m'chipinda, konseko makina oziziritsa akulira. Sabata ikamatha, kodi mwanayo wafika kuchipululu, kapena wangosinthasintha nyumba zozizira? Amene angathe kudikira tchuthi cha Disembala adikire. Mitengo imakhala itakwera, koma mwana amayenda panja.

Nanga madzi? Ili ndi funso limene ana enieniwo sachedwa nalo. Ku Dubai kulibe mtsinje woyenda chaka chonse, ndipo mvula ya chaka chathunthu imangokwana pafupifupi mamilimita 100, imene ku Mulanje kapena ku Nkhata Bay ingagwe m'masiku ochepa a dzinja. Komabe maiwe osambiramo ndi odzaza, akasupe akuvina madzulo alionse patsinde pa nsanja ija, kapinga wa m'mabwalo a gofu ali biriwiri. Pafupifupi dontho lililonse lotuluka pampopi wa m'chipinda chanu linali madzi a m'nyanja yamchere. Ku Jebel Ali kuli mafakitale akuluakulu ochotsa mcherewo, ena powiritsa madzi n'kutchera nthunzi yake, ena powakankha mwamphamvu kudutsa m'nsefa za timabowo tosaoneka ndi maso. Ntchito imeneyi imadya gasi ndi magetsi ambiri, ndipo madzi otsalira, owawa mchere kuposa poyamba, amawabwezera m'nyanja momwemo. Chipale cha ku Ski Dubai, chimene chili m'kati mwa Mall of the Emirates kuyambira 2005, nachonso n'chopanga anthu: chinyumba chonsecho amachiziziritsa mpaka madzi kuundana, pomwe panja phula la msewu likuotcha nsapato.

Mwana wochokera kudziko la nyanja ya madzi abwino yotalika makilomita oposa 500, koma wozolowera kuona mipopi itauma ndi zigubu zili pamzera, adzafunsa kuti: "Adadi, kuno kulibe mtsinje, nanga bwanji madzi sasiya?" Tidzangoti ndi ndalama za mafuta, nkhani n'kuthera pomwepo? Yankho limenelo n'losavuta koma n'loperewera. Mafuta a Dubai, amene anapezeka mu 1966, sanali ochuluka ngati a Abu Dhabi, ndipo lero chuma cha mzindawu chagona pa doko, ndege, malonda ndi alendo ngati ifeyo. Madzi otuluka m'mabafa ndi m'zimbudzi amawayeretsa n'kuthirira mitengo ya m'misewu ndi maluwa a ku Miracle Garden kudzera m'timapaipi todontheza. Kwathu chimanga chimafota munthu akuona Shire akuyenda chapomwepo. Kodi tili okonzeka kumuuza mwana kuti ludzu lathu silinachokere kumwamba kokha?

Tisamubisirenso kuti kuzizira kumeneku kuli ndi olipira ake. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope anakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse la Malawi anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Kumapeto kwa chaka chomwecho atsogoleri a maiko anakumana ku Dubai komweko pamsonkhano wa COP28, wotsogoleredwa ndi Sultan Al Jaber, amenenso ndi mkulu wa kampani ya mafuta ya ADNOC, ndipo anavomereza kuti thumba lothandiza maiko oonongekedwa ndi kusintha kwa nyengo liyambe kugwira ntchito. Patangopita miyezi 4, pa 16 Epulo 2024, chimvula chimene dziko la Emirates linali lisanachione kwa zaka 75 chinasefukira m'misewu ya Dubai, ndege zinalephera kunyamuka, mabanja anagona pansi pabwalo la ndege. Mwana wa sitandade 7 amaphunzira za kusintha kwa nyengo m'kalasi. N'kulakwa kodi kumuthandiza kulumikiza utsi wa ndege imene wakwera, chipale chimene waseweretsa, ndi matope a ku Chilobwe? Kapena tikuopa kuti akalumikiza adzatifunsa zimene ifeyo sitingathe kuyankha?

Koma chimene chikutisowetsa mtendere kwambiri ndi anthu amene manja awo akuyendetsa zonsezi. Pa anthu 10 alionse okhala mu United Arab Emirates, pafupifupi 9 ndi obwera. Woyendetsa takisi kawirikawiri amakhala wa ku Pakistan, wokolopa m'chisitolo wa ku Bangladesh kapena ku Nepal, wolandira alendo wa ku Philippines, mlonda wa pachipata wa ku Uganda kapena ku Kenya. Omanga nsanja sagona pafupi ndi nsanjazo. Mabasi amawatenga m'bandakucha kuchokera kumakomboni a antchito monga Sonapur, kunja kwa mzinda, kumene amuna angapo amagona m'chipinda chimodzi pa mabedi osanjikiza. Bungwe la Human Rights Watch linalemba kale mu 2006 za malipiro ochedwa, za ngongole zimene anthuwa amatenga kwawo kuti alipire owapezera ntchito, ndi za mapasipoti olandidwa. Kuchokera nthawi imeneyo boma lakonzako malamulo: kusunga pasipoti ya wantchito n'koletsedwa, ndipo malipiro amayenera kudzera m'njira imene boma likhoza kuilondola. Koma kulemba lamulo n'kwina, kulitsatira n'kwinanso.

Tsono taganizani za mayi uja wa kumalo osewerera ana pahotela, amene wanyamula khanda lanu kuti inu mupumeko. Ali ndi ana ake? Ali kuti? Anawaona liti komaliza? Wamng'ono wakeyo akumusambitsa ndani pamene iye akupukuta mamina a wanu? Nkhaniyi ili pakhomo pathu pomwe. Mu 2024 BBC Africa Eye inaonetsa amayi a ku Malawi amene anapita ku Oman, dziko lochita malire ndi Emirates, atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukapezeka atatsekeredwa m'nyumba za eni, akugwira ntchito usana ndi usiku, ena akumenyedwa, mapasipoti atalandidwa. Oman si Dubai, ndipo ambiri ogwira ntchito m'mahotela a ku Dubai amalandira malipiro awo n'kumamanga nyumba kwawo. Koma ndege imene yanyamula banja lopita kukasambira ikhoza kukhala yomweyo imene yanyamula mtsikana amene sakudziwa ngati adzabwerako. Mwina wakhala mpando woyandikana ndi wa mwana wanu. Munamulankhulako?

Kwathu kuno mwana akalowa m'nyumba osapereka moni timamubweza pakhomo. Timamuphunzitsa kuti wamkulu aliyense ndi amalume, ndi azakhali, ndi agogo. Nanga bwanji pahotela timamulekerera kuponya thaulo pansi n'kudutsa munthu wa msinkhu wa bambo ake ngati akudutsa chitsa? Ulemu uja umatsalira pabwalo la ndege la Kamuzu? Mwana amaona mmene mayi ake akuitanira woperekera zakudya, kaya ndi chala kaya ndi mawu aulemu, ndipo akabwerera adzamuitana chimodzimodzi mtsikana wantchito wa kunyumba. Sabata imodzi yotumikiridwa ndi anthu amene sukuwadziwa maina ikhoza kufafaniza mwambo umene agogo anauphunzitsa kwa zaka.

Ndipo akakwera ngamila madzulo akuseka, pali nkhani imene ana okulirapo ayenera kuimva. Kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamipikisano yothamangitsa ngamila m'dera limeneli ankakweza tiana chifukwa n'topepuka, tambiri totengedwa ku Pakistan, Bangladesh ndi Sudan, tina tosakwana n'komwe zaka 10. Mu 2005 boma la Emirates linaletsa kukweza aliyense wosakwana zaka 18, ndipo mogwirizana ndi UNICEF ana oposa 1,000 anabwezedwa kwawo. Lero pamsana pa ngamila yothamanga pamakhala kachidole ka makina kogwira chikwapu, mwiniwake akukalamulira ali m'galimoto yoyenda pambali. Zinasintha chifukwa panali anthu amene sanatope kufunsa mafunso osakoma kumva. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kodi mwambiwu timaukhulupirirabe mnzakoyo akakhala wa ku Bangladesh?

Za ndalama tinena mwachidule, pakuti thumba ndi la mwini. Dirham inamangiriridwa ku dola ya America, madirham 3.67 pa dola imodzi, pomwe kwacha ya Malawi inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023. Ayisikilimu aliyense wa kumeneko amalipiridwa ndi madola omwewo amene dziko likuwasowa pogula mafuta ndi mankhwala. Amene ali nazo adziwa yekha. Koma amene akukatenga katapila, kapena akugwira fizi ya temu yotsatira, adzifunse moona mtima: ulendowu ndi wa mwana kapena ndi wa zithunzi? Mwana wa zaka 3 adzakumbukira chiyani? Ndipo uyo amene akudziwa nsomba za m'galasi za ku Dubai Mall, anaonapo mbuna ku Cape Maclear?

Inu amene matikiti mwagula kale, kuli Dubai wina amene saoneka kwambiri pazithunzi, ndipo ndi wotsika mtengo. Pitani ku Creek, mkono wa nyanja umene umagawa mzinda wakale pakati. Kwerani abra, bwato lamatabwa lowolotsa anthu pakati pa Deira ndi Bur Dubai pa dirham imodzi, mukhale phewa ndi phewa ndi anthu oweruka kuntchito. Ku Al Fahidi muonetseni mwana nsanja za mphepo pamwamba pa nyumba zakale, zimene zinkakola kamphepo n'kukatsitsira m'chipinda magetsi asanabwere, ndipo mumufunse ngati nzeru imeneyi ikusiyana kwenikweni ndi ya khonde ndi denga laudzu la agogo ake. Muuzeni kuti makolo a eni mzindawu ankamira pansi pa nyanja ndi mpweya wa m'chifuwa chokha, mphuno atazipana, kufunafuna ngale, ndipo kuti ngale zoweta za ku Japan zitadzaza msika m'zaka za m'ma 1930 kuno kunagwa umphawi wadzaoneni. Muuzeninso kuti dziko la Emirates linabadwa mu 1971, Malawi ndi Zambia ali kale ndi zaka 7 akudzilamulira. Akafunsa kuti nanga zinatheka bwanji, musamudule.

Mukapita kuchipululu kwenikweniko, ulendo wonse usathere pa galimoto zodumpha milu ya mchenga ndi nyimbo zaphokoso. Funsani za malo otetezedwa a Dubai Desert Conservation Reserve, kumene kuli oryx, nyama yoyera ya nyanga zazitali yonga mphalapala, imene alenje anaimaliza m'tchire pofika 1972, n'kudzabwezeretsedwa kuchokera ku zochepa zimene zinasungidwa m'makola. Muimitseni mwana pansi pa mtengo wa ghaf, umene mizu yake imatsika pansi kwambiri kukafuna madzi, n'kumakhala wobiriwira chaka chonse popanda wouthirira. Dzuwa likalowa mchenga umayamba kuzizira. Foni ikhale m'thumba. Mwanayo akatapa mchenga m'manja n'kufunsa kuti anthu akale ankamwa chiyani kuno, chapafupi pali woyendetsa galimoto amene wakudikirirani kuyambira masana, ndipo mwina yankho akulidziwa. Dzina lake mwamufunsa?