Sitima ya pa bwalo la ndege ku Joni njabwino popita, osati pobwerera

Amalonda anzanga, sabata ino tiyambe taika pambali mitengo ya soya ndi mtedza. Ena mwa inu mpamba wakula, ndipo mwayamba kulingalira zosiya basi ya masiku awiri ija, yodzera ku Tete ndi ku Beitbridge, kuti muzikwera ndege popita kukaoda ku Joni. Funso lomwe ndimalandira kawirikawiri ndi lakuti: ndikatsika pa bwalo la ndege la OR Tambo, ndilowa bwanji m'tauni?

Yankho lomwe aliyense angakupatseni ndi Gautrain. Sitima imeneyi inayamba kuyenda mu 2010, patangotsala masiku ochepa kuti mpikisano wa mpira wa World Cup uyambe m'dzikomo. Siteshoni yake ili pa bwalo la ndege pomwepo, moti simutulukira kunja n'komwe. Kuchoka pamenepo kukafika ku Sandton ndi mphindi pafupifupi 15. Mukafuna pakati pa tauni, mumasintha sitima n'kukwera ina yodzera ku Rosebank mpaka ku Park Station.

Popita, ine ndimati kwerani. Wamalonda akamatsika ndege amakhala ndi kachikwama kamodzi, koma mpamba wake wonse uli pathupi. Nkhani za achifwamba otsatira galimoto kuchokera pa bwalo limeneli n'kukabera anthu kutsogolo zakhala zikumveka kwa zaka zambiri. M'sitimamu muli alonda ndi makamera, ndipo simukhala panjira chifukwa cha kuchuluka kwa magalimoto. Ngati muli nokha ndipo mwafika dzuwa likadalipo, ndalama yake simungadandaule nayo. Mungokumbukira kuti salola kudya, kumwa, ngakhale kutafuna chingamu. Zitumbuwa zomwe anakulongedzerani kunyumba zidikire.

Koma tisanamizane, sitimayi sanaipangire ife. Anaipangira munthu wa jekete ndi kasutikesi ka matayala, wothamangira kumsonkhano ku Sandton. Ife katundu timamupeza ku Dragon City, ku China Mall kapena ku Oriental Plaza ku Fordsburg, ndipo konseko Gautrain sifikako. Mukatsika pa Park Station mufunikabe takisi. Ndiye ganizirani za pobwerera: zikwama zikuluzikulu zamizeremizere zija zitatu, zodzaza nsapato ndi maduveti. Muzikweze m'takisi, muzitsitse pa siteshoni, mudutse nazo pa timageti topapatiza, mutsike nazo pansi, musinthe sitima, zonsezi ndi manja awiri. Wina akati akuthandizeni kunyamula, diso lili pa chikwama chino pomwe chinacho chili kumbuyo. Apa liwiro la sitima lija latha ntchito.

Palinso mtengo. Kuchoka pa bwalo la ndege, munthu mmodzi amalipira ndalama zopitirira R200, ndipo ulendo umenewu ndi wodula kwambiri kuposa maulendo ena onse a sitima yomweyi. Mukakhala atatu, ndiye kuti zapitirira R600 musanawonjezerepo takisi yomalizira. Zikatero yambani mwaona mtengo wa Uber kapena Bolt pafoni, chifukwa galimoto imodzi yogawana ikhoza kukutulani pakhomo penipeni pa malo ogona. Dziwaninso kuti sitimayi siyenda usiku wonse. Musanagule tikiti ya ndege, onani nthawi yomwe ikatere n'kuyerekeza ndi nthawi ya sitima yomaliza.

Langizo langa ndi ili: pitani pa ndege ngati nthawi ndi imene yakuthinani, lowani m'tauni pa sitima, koma katundu wolemera mupatseni transipota wodalirika abwere naye pamsewu, mutalemberana bwinobwino chiwerengero cha zikwama ndi za msonkho wa pa Mwanza. Kundege nakonso kawirikawiri chikwama chimodzi sichiloledwa kupitirira makilogalamu 23, ndipo zowonjezera amalipiritsa ndalama yoti ingadye phindu la ulendo wonse.

Ndamvapo ena akubwera kumeneko ali kakasi, n'kumati nafenso kuno timange sitima yotere. N'zoona kuti pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi ndi la Chileka palibe sitima ya anthu yofikapo, ngakhale njanji ili ku Kanengo ndi ku Blantyre. Amene alibe womuchingamira amangodalira takisi, ndipo mtengo wake mumaudziwa. Koma ine sindisirira sitima ya Sandton. Ndege zotera kuno patsiku n'zowerengeka, ndipo sitima yodikira anthu ochepa chotero ingakhale yodula kuposa takisiyo. Chomwe chingatithandize msanga ndi basi yaikulu ya nthawi zodziwika, ya mtengo wolembedwa poyera ndi malo okwanira a katundu, yochoka pa bwalo la ndege kukafika ku depoti ya Lilongwe kapena ku Wenela. Ndalama za njanjizo zikapezeka, ziyambe zapita ku sitima ya anthu ya Limbe, Balaka ndi Nayuchi, yomwe amayi a tomato ndi matumba a chinangwa amakwera kale.

Amene mukunyamuka mwezi uno, lembani m'kope ndalama ya thiransipoti yonse kuyambira pakhomo panu mpaka pakhomo pa shopu yomwe mukaode, kenaka muigawe pa katundu aliyense musanaike mtengo.