Safunsa Anadya Phula

Makolo athu, amene sanaone kompyuta ngakhale kumva dzina la Scrum, anatisiyira mawu akuti safunsa anadya phula. Ndipo ndikaona anyamata ndi atsikana amene aphunzira ku yunivesite ya UNZA kapena kusulidwa ku BongoHive, bwalo lija la zaluso limene linatsegulidwa mu 2011, akulowa ntchito ya scrum master m'maofesi a mu Cairo Road, ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ndizindikira kuti mawuwo sanakalambe.

Njira ya Scrum imeneyi, imene Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland anaibweretsa poyera mu 1995, siivuta kuiloweza. Gulu la anthu osapitirira 10 ligawa ntchito m'zigawo zosaposa mwezi umodzi, zotchedwa sprint, likumana tsiku ndi tsiku kwa mphindi 15, ndipo chigawo chikatha likhala pansi kuunguza zimene zinayenda ndi zimene zinalakwika. Satifiketi yake ena aitenga atakhala m'kalasi masiku awiri okha.

Koma taonani mtsikana wa ku Kabwata kapena ku Chelstone, amene watsika minibasi satifiketi ili m'chikwama, naima pamaso pa akatswiri a msinkhu wa atate ake, iye wopanda mphamvu yolemba munthu ntchito kapena kumchotsa, koma wotumidwa kuchotsa zopunthwitsa zonse panjira ya gululo. Akafunsa chimene chawatsekereza, onse adzatchula magetsi, pakuti chilala cha 2024 chimene chinachepetsa madzi m'damu la magetsi la Kariba sichichititsa munthu manyazi. Koma ngati chopunthwitsacho ndi mkulu wina amene wagonera ntchito ya anzake, kapena bwana amene akuunjika zofuna zatsopano pakati pa sprint, adzangomva kuti, “Zonse zili bwino, mayi,” popeza kwathu kuno kuneneza wamkulu pagulu ndi chipongwe. Udindo umenewu ndi wa unkhoswe, ndipo sindinamvepo nkhoswe imene inaphunzira kuyanjanitsa banja powerenga buku.

Apa ndipo afunika munthu amene anayendapo kale, woti amuuze mwanayo kuti nkhani yotere aiyambire kumbali, pa nthawi ya tiyi, mwaulemu ndi mofunsa nzeru, kuti pofika pa msonkhano mkuluyo aitchule yekha ngati maganizo ake. Ndi kuti bwana sakanizidwa pamaso pa antchito ake, koma aonetsedwa mndandanda wa ntchito nafunsidwa imene afuna iyambe yadikira. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, inde, ngakhale alipo ena (ndinene mosabisa) amene aumira nzeru zawo poopa kulandidwa mpando.

Chifukwa chake ndipempha eni makampani kuti wobwera kumene asamponyere gulu tsiku loyamba. Ayambe wakhala pambali pa wodziwa kwa sprint ziwiri kapena zitatu, akupenya ndi kufunsa. Pambuyo pake atsogolere yekha misonkhano, wodziwayo atakhala kumbuyo osalowerera, ndipo zolakwa akamuuze awiriwiri anthu atabalalika.