CHENJEZO: Kuthina kwa pachifuwa mbandakucha musakutenge ngati chilungulira

Anthu a ku Dowa ndi Ntchisi, makamaka inu osuta fodya ndi inu oweta njuchi, imvani izi chisanu cha June ndi July chisanalimbe m'mapirimu.

Munthu akadzidzimuka pakati pa usiku kapena mbandakucha, pachifuwa pakuthina ngati amusanjika thumba la chimanga, ululu n'kumafika kunsagwada kapena kumkono wakumanzere, thukuta lili kamukamu, musamumwetse soda. Musatinso afiti amukhalira. Mtsempha wodyetsa mtima umatha kudzifinya wokha mwadzidzidzi, magazi n'kulephera kudutsa. Dokotala wa ku America, Myron Prinzmetal, anafotokoza nthendayi mu 1959.

Chimene chimapusitsa n'chakuti ululuwo umatha wokha pakangopita mphindi zochepa. Kukacha munthu amanyamula khasu, banja n'kuiwala. Koma kufinyako kukakhalitsa kumaononga mnofu wa mtima, kapena kusokoneza kagundidwe kake munthu n'kufa ali pamphasa. Zimene zimayambitsa kufinyaku tili nazo pakhomo: chingambwe, ndudu, mowa wambiri, nkhawa ndi mphepo yozizira.

Palinso njira ina imene ambiri saidziwa. M'makoma a mitsempha ya mtima muli maselo a chitetezo cha m'thupi. Akachita ziwengo amatulutsa histamine, yemwe uja amatupitsa khungu ndi kuliyabwitsa, ndipo kwa anthu ena amafinyanso mtsempha wa mtima. Dokotala wa ku Greece, Nicholas Kounis, analemba za vutoli mu 1991. Mbola ya njuchi kapena mavu, penisilini, amoxicillin, ngakhale brufen ndi diclofenac amene timangogula pagolosale osafunsa, zonsezi zingautse vutoli. Choncho wina akalumidwa pofula uchi, milomo n'kutupa, thupi lonse zidzolo, kupuma kukubanika ndipo pachifuwa pakupweteka, musataye nthawi ndi kumupaka phulusa. Musamuyendetse pansi kukwera chitunda. Pezani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo.

Pitani kuchipatala chimene chili pafupi: cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, Mponela, Madisi, Mtengowanthenga, Malomo. Pitani ngakhale ululu utaleka. Kukafunika kuyeza mtima mozama, adzakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mukafika musangoti “chifuwa”, chifukwa angaganize za chifuwa chotsokomola. Nenani ola limene ululu unayamba, utali umene unakhala, ngati munali mutagona kapena mukugwira ntchito, chimene chinakulumani ndi mankhwala amene munamwa. Tengani buku lanu lakuchipatala ndi mapaketi onse, a BP, a shuga ndi ma ARV omwe. Izi n'zofunika chifukwa pa mankhwala a BP, nifedipine ndi amlodipine amamasula mtsempha, pomwe propranolol angaonjezere kufinyako. Komabe musasiye kapena kusintha mankhwala panokha, ndipo a mnansi wanu musabwereke.