Khobidi Loboola ndi Mtengo Wake

Mphekesera yoti khobidi loboola pakati lingalemeretse munthu tsiku limodzi siitha. Imazirala, kenaka nkubukanso, makamaka nyengo ya msika wa fodya ku Chinkhoma, pamene ndalama zili pakamwa pa aliyense. M'midzi ya ku Kasungu, anthu amavundukula masutikesi a malemu agogo awo, kufunafuna kachitsulo kamene akuti kali ndi ogula ochokera kutali. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa makobidiwa ali ndi phindu lenileni, koma si limene anthu amauzidwalo.

Ambiri mwa makobidi oboolawa ndi a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chidayamba mu 1953 nkutha mu 1963. Ndalama zake zidayamba kutuluka mu 1955. Peni ili ndi njovu ziwiri zoyang'anizana, hafupeni ili ndi akadyansonga. Zonsezi ndi zamkuwa wosakaniza, ndipo adazisula zambirimbiri, mwakuti lero zimapezeka ku Zambia, ku Zimbabwe ngakhale ku Britain pa mtengo wochepa ndithu. Mulibe golide mkati, mulibenso mankhwala obisika. Chibowocho ndi mapangidwe chabe, ndipo chinkathandiza kuti munthu azitunge pa chingwe.

Siliva ali kwina. Tiki, sikisi ndi sheleni za ku Southern Rhodesia, komanso sikisi ndi sheleni za ku Britain, zosulidwa chisanafike chaka cha 1947 zili ndi siliva, pomwe zapambuyo pake ndi zachitsulo choyera wamba. Za ku South Africa zidapitiriza kukhala ndi siliva kupyola chaka chimenecho. Zambiri za ndalama zotere zidalowa kuno m'matumba a amuna omwe adapita ku Wenela ndi ku mapulazi a ku Rhodesia. Choncho choyamba kuyang'ana ndi chaka, chachiwiri dziko.

Mlimi wa fodya sayenera kuvutika kumvetsa zotsalazo. Amadziwa kuti masamba awiri a munda umodzi amasiyana mtengo chifukwa cha giredi: lina ndi losalala, lina long'ambika, lina lamawanga. Osonkhanitsa ndalama zakale amasankhanso motero. Amaona ngati zilembo zikuwerengeka zonse, ngati nthenga za mbalame kapena tsitsi la mfumu sizidafufutike, ngati m'mphepete simudaphwanyike. Khobidi lomwe silidayendepo m'manja likhoza kuposa linzake lachaka chomwecho kangapo konse. Apa mpomwe ambiri amadziwonongera. Amatenga phulusa, mchenga kapena ndimu nkulikwecha kuti liwale, osadziwa kuti kuda kwakeko ndi kumene wogula wodziwa amakufuna. Lokwechedwa limatsika mtengo, ndipo silibwereranso.

Palinso tindalama ting'onoting'ono kuposa tiki, tonyezimira ngati golide, tina tokhala ndi mutu wa Mfumukazi Victoria. Tambiri mwa timeneti tidali zoseweretsa za ana, ndipo kampani ya Lauer ya ku Nürnberg, ku Germany, idapanga tochuluka. Tili ndi okonda ake, koma sitidali ndalama yogulira kanthu.

Ine zimene zimandikhudza kwambiri ndi zathu za 1964. Pa sikisi pali tambala, pa sheleni pali chimanga, pa mashereni awiri pali njovu, ndipo kuseri kwa zonse kuli nkhope ya Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu komweko. Kwacha itabwera mu 1971, mashereni 10 adasanduka kwacha imodzi, ndipo chimanga chija chidasamukira pa 10 tambala, njovu pa 20 tambala. Kwa ogula akunja, zimenezi si zodula. Koma ndi zomwe ankalandira anthu omwe adagwetsa mitengo ndi kutsegula maesiteti a fodya m'zigwa za Kasungu, ndi zomwe ankalipirira msonkho ndi fizi ya ana. Mphunzitsi wa mbiri atakhala ndi zisanu zokha m'kalasi, ana angaone ndi kugwira zaka zomwe amangoziloweza.

Amene wasankha kugulitsa, ndi ufulu wake, njala siinyengereredwa. Koma ayambe walemba chaka ndi dziko la khobidi lililonse, alijambule mbali zonse ziwiri, afunse anthu oposa mmodzi. Ndipo wogula akanena kuti muyambe mwapereka ndalama yoyezera khobidilo asanakulipireni, musamupatse kanthu.