Khonsolo imadziwa njira ya ku Ndirande ikamabwera kudzatolera

Munthu wokhala ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Mbayani akafuna thandizo pa nkhani ya tsiku ndi tsiku, chimene chimayamba kumuimika mutu n'chakuti alowere kuti. Mpopi ukauma, nkhaniyo ndi ya Blantyre Water Board. Magetsi akathima, ndi ya ESCOM. Chiphaso cha unzika amapereka ndi a bungwe la kalembera la NRB. Msewu waukulu ukakumbika, eni ake ndi a Roads Authority, koma kamsewu kafumbi kolowera m'makomo n'ka khonsolo. Za puloti ndiye zimafuna kufunsa kawiri, chifukwa mumzinda umodzi womwewu muli malo a unduna wa za malo, a Malawi Housing Corporation, a khonsolo, ndiponso a anthu ndi makampani. Mayi amene wagula kamalo kuti amange zipinda ziwiri za lendi akhoza kutha sabata akuzungulira maofesi, aliyense akumulozera kwa mnzake.

Pa maofesi onsewa, imene inayenera kukhala pafupi kwambiri ndi munthu wamba ndi khonsolo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998, limodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu yomwe inakhazikitsidwa chaka chomwecho, linasenzetsa makhonsolo ntchito zimene munthu amakumana nazo akangotuluka pakhomo pake: kuchotsa zinyalala, kusamalira misika ndi zimbudzi zake, kukonza ngalande ndi misewu ya m'madera, kuyang'anira manda, kuzimitsa moto, kupereka ziphaso za bizinesi ndi kuvomereza mapulani a nyumba. Palibe tsiku limene wokhala m'tauni angadutse osakhudzana ndi imodzi mwa ntchito zimenezi.

Komatu khonsolo ya mzinda wa Blantyre ili ku Chichiri, ndipo ya Lilongwe ili ku City Centre. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264 mumzinda wa Blantyre ndi 989,318 mu Lilongwe, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera othithikana, kutali ndi maofesiwa. Wa ku Bangwe amakwera minibasi mpaka ku Limbe n'kukweranso ina. Wa ku Area 25 kapena ku Chinsapo nayenso sangafike ndi ulendo wapansi. Akafika n'kuuzidwa kuti bwana wosayina ali kumsonkhano, abwerenso mawa, ndiye kuti ndalama ya ndiwo ya tsiku limenelo yathera pa transipoti, ndipo geni yake yagona. Ambiri amangoisiya nkhaniyo. Amamanga popanda pulani, amatsegula okala popanda chiphaso, ndipo tsiku lina khonsolo yomweyo imadzafika ndi apolisi ake kudzawauza kuti aphwanya lamulo.

Chimene chimatipweteka ife n'chakuti khonsolo siinasochere njira yopita kumaderawa. M'mawa uliwonse wodula matikiti amakhala atafika pamsika wa Ndirande, wa Limbe, wa Kawale kapena wa Mchesi, ndipo salumpha benchi ngakhale imodzi. Wogulitsa tomato amalipira, wa usipa amalipira, wa kaunjika amalipira, ngakhale malonda asanayambe kuyenda. Pa kutolera, khonsolo ili ndi miyendo. Koma mulu wa zinyalala ukakula kuseri kwa msika womwewo mpaka kutseka njira, kapena chimbudzi cholipira chikakhala masiku chopanda madzi, wamalonda uja sadziwa kuti akadandaule kwa yani, ndipo wodula matikiti amangoyankha kuti iye anatumidwa za matikiti basi. Anthu akamanyinyirika polipira, nthawi zambiri sikuti akukana msonkho. Akufunsa kumene ndalama ya dzulo inapita.

M'malo amene khonsolo yasiya, mwalowa mafumu a m'tauni ndi atsogoleri a mabuloko. Maliro akagwa, uthenga umayamba wapita kwa amfumu, ndipo iwo ndi amene amauza adzukulu za manda. Munthu akafuna kalata yomuchitira umboni kuti amakhaladi m'deralo, amapita kwa amfumu. Anansi akakangana pa malire kapena pa madzi a kubafa olowera pakhomo pa wina, bwalo loyamba ndi la amfumu. Chonsecho lamulo la mafumu la 1967 silipatsa mfumu ulamuliro mkati mwa mzinda pokhapokha khonsolo italoleza. Anthu amapitabe kumeneko pa chifukwa chosavuta kumva: amfumu amapezeka, amakhala pamtunda woyenda wapansi, ndipo amadziwa yemwe akulankhula naye. Ambiri mwa atsogoleriwa amagwira ntchito yotamandika popanda malipiro. Koma poti ntchito yawo ilibe mpando weniweni m'malamulo, palibe mtengo woikika wa kalata, palibe lisiti, ndipo wina akagulitsa malo a m'mphepete mwa mtsinje kwa anthu awiri, wolakwiridwa amasowa kokasuma msanga.

Mtunda umenewu pakati pa khonsolo ndi anthu uli ndi mbiri yake. Dziko lino linasankha makhansala mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo chisankho china sichinachitike mpaka pa 20 May 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, makhonsolo ankayendetsedwa ndi ogwira ntchito okhaokha, popanda khansala wosankhidwa ndi anthu wowafunsa mafunso. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inasinthanso lamulo la maboma aang'ono lija, n'kupatsa aphungu mphamvu yovota m'makhonsolo, komanso kupatsa nduna mphamvu yosankha mkulu woyendetsa khonsolo. Pofika nthawi imene makhansala anabwerera, mbadwo wonse wa achinyamata unali utakula osadziwa kuti khansala ndi wa chiyani. Anthu anazolowera kuti mlatho ukagumuka, denga la sukulu likasasuka, ngakhale bokosi la maliro likasowa, wothamangirako ndi phungu, makamaka poti thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF, lomwe linayamba mu 2006, linkaoneka ngati ndalama ya m'thumba mwa phunguyo.

Mu May 2025 bwalo la milandu loona za malamulo aakulu a dziko, pa mlandu umene linakasuma bungwe la makhonsolo la MALGA, linagamula kuti aphungu sayenera kuvota m'makhonsolo kapena kuyendetsa thumba la CDF, chifukwa ntchito yawo ndi yopanga malamulo ndi kulondoloza boma. Ife tikuona kuti chigamulocho chinaloza koyenera. Koma chigamulo cha khoti sichichotsa zinyalala. Ngati mphamvu zichoka kwa phungu n'kukakhala mu ofesi ya ku Chichiri imene munthu wa ku Chirimba sangaifikire, iye saona kusintha kulikonse.

Tisawanamizire makhonsolo kuti ali ndi chuma chimene akungochikhalira. Ndondomeko ya 1998 inanena kuti boma lizipereka ku makhonsolo ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse ya zimene latolera m'dziko muno kuti zigwire ntchito za chitukuko, ndipo makhonsolo akhala akudandaula chaka ndi chaka kuti zimene amalandira n'zochepa ndipo zimafika mochedwa. Mizinda imadalira kwambiri msonkho wa malo ndi nyumba, koma eni nyumba ambiri salipira, ndipo nyumba zambirimbiri za m'madera ongomangamanga sizili n'komwe m'kaundula. Galimoto zonyamula zinyalala n'zowerengeka, mafuta ndi okwera mtengo, ndipo ulendo wopita kukataya ku Mzedi kapena ku Area 38 ndi wautali. Zonsezi n'zoona.

Koma mzinda wa Mzuzu unasonyeza kuti vuto la kaundula lili ndi mankhwala. Kuyambira cha m'ma 2013, khonsolo ya kumeneko inayenda khomo ndi khomo kulemba nyumba zonse, n'kuika mtengo wa msonkho poyang'ana zinthu zooneka ndi maso, monga kukula kwa nyumba, zomangira zake ndi dera limene ili. Nyumba za m'kaundula zinachoka pa pafupifupi 10,000 kufika pafupifupi 40,000, ndipo ndalama zotolera zinakwera kwambiri. Phunziro limene tikutolapo n'lakuti khonsolo inachoka pampando n'kupita kwa anthu, kukawafotokozera chimene akulipira ndi chifukwa chake.

Nawonso makiyosiki a madzi ali ndi chotiphunzitsa, ngakhale kuti si a khonsolo. M'madera ambiri a Blantyre ndi Lilongwe amayendetsedwa ndi mabungwe a anthu ogwiritsa ntchito madzi a m'deralo. Ali ndi mavuto awo, ndipo mpopi ukauma nawonso amauma. Komabe mayi aliyense amadziwa pamene kiyosiki ili, nthawi imene imatsegulidwa, mtengo wa ndowa imodzi, ndi nkhope ya wogulitsa. Ndi zinthu zinayi zokhazi zimene munthu amafuna kudziwa pa thandizo lililonse la boma, ndipo pa ntchito zambiri za khonsolo sadziwa ngakhale chimodzi.

Wina anganene kuti izi n'zazing'ono poyerekeza ndi njala, kusowa kwa mafuta kapena kukwera mitengo kwa zinthu. Ife tikukana. Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 boma linachita kuchedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe. Kolera imayenda m'madzi akuda, m'zimbudzi zosefukira ndi m'zakudya zogulitsidwa pambali pa dzala. Aliyense amene anaonapo mtsinje wa Mudi kapena wa Nasolo mvula yoyamba itagwa, utanyamula majumbo, matewera ndi mabotolo, akudziwa kumene zinyalala zosatoledwa zimathera. Patangopita miyezi iwiri, mu March 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko lonse, omwalira ndi osowa anaposa 1,000. Zambiri mwa nyumba zimene zinakokoloka ku Chilobwe ndi ku Manja kuja zinamangidwa m'malo otsetsereka amene sanayenere kumangidwapo. Anthuwo sanakwere phiri chifukwa chokonda mphepo. Anasowa puloti yovomerezeka imene akanaikwanitsa, ndipo panalibe ofesi yapafupi yowauza zoona asanaumbe njerwa.

N'chifukwa chake tikupempha makhonsolo kuti ayambe ndi chinthu chimene sichifuna ngongole ya kunja. Pamsika uliwonse waukulu khonsolo ili kale ndi kaofesi ka mkulu wa msika. Kaofesi kameneko kakhale khomo la khonsolo yonse, pomwe munthu angatenge fomu ya chiphaso cha bizinesi, kusiya pulani ya nyumba, kulipira msonkho wa nyumba n'kulandira lisiti, kufunsa ngati malo amene akufuna kugula ndi ololedwa kumangapo, ndi kulembetsa dandaulo m'buku lokhala ndi nambala. Pakhoma pamatidwe mitengo yonse m'Chichewa, ndi masiku amene chinthu chilichonse chimatenga kuti chituluke. Mtengo ukakhala pakhoma, wofuna ya fanta amasowa poyambira. Pamatidwenso tsiku limene galimoto ya zinyalala imabwera m'deralo, ndipo ikalephera, anthu auzidwe chifukwa. Kulipira pa foni kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, komwe anthu akuchita kale pogula magetsi ndi madzi, kufalikire pa zolipira zonse za khonsolo, kuti ndalama isamadutse m'manja ambiri.

Ndipo mwezi ukatha, msika uliwonse uziuzidwa ndalama zimene zatoledwa pamenepo ndi zimene zabwerera kudzagwira ntchito pamsikapo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo makhonsolo ali m'gulu la maofesi amene lamulolo limawakhudza. Khonsolo yanzeru siidikira kuti ifunsidwe.

Makhansala amene anasankhidwa pa 16 September 2025 ali ndi mbali yaikulu pa zimenezi. Khansala si wolemba ntchito aganyu a chipani kapena wogawa mabenchi pamsika kwa omutsatira. Ntchito yake ndi kutenga madandaulo a wodi yake kupita nawo ku khonsolo, kuvomereza bajeti, ndi kufunsa ogwira ntchito chifukwa chimene ngalande yolonjezedwa sinakumbidwe. Aliyense wa iwo akhale ndi tsiku lodziwika pa sabata limene amapezeka pamalo odziwika m'wodi yake, ndipo makomiti a chitukuko a m'mawodi azikumana poyera, osati m'nyumba ya wapampando. Boma nalo lipereke ndalama za makhonsolo pa nthawi yake, lilipire misonkho ya nyumba zake, ndipo likonze lamulo kuti atsogoleri a mabuloko adziwike malire a ntchito yawo.

Anthu okhala m'mizinda nawonso sangasambe m'manja. Wotaya zinyalala mu ngalande usiku ndi yemweyo amene madzi adzamulowere m'nyumba mu January, ndipo landilodi wa nyumba khumi amene salipira msonkho alibe pakamwa podzudzulira msewu wokumbika.

Inu owerenga, yambani ndi kudziwa dzina la wodi yanu ndi la khansala wanu. Mukalipira chilichonse ku khonsolo, musachoke opanda lisiti. Ndipo mukamva kuti khonsolo ikukambirana bajeti ya chaka chamawa, pitani mukafunse kuti m'dera lanu mwaikidwa chiyani.