Rediyeta ya m'bafa si poyanikira mathaulo chabe

M'nyumba zambiri za ku Britain, rediyeta imene imayamba kutha ndi ya m'bafa. Penti imatupa cha m'munsi, kenako dzimbiri limatulukira m'mphepete. Nthunzi ya m'mawa uliwonse ndi mathaulo onyowa ndi zimene zimaidya, ndipo ikakhala pafupi ndi chimbudzi pali chifukwa chinanso, chimene abambo ndi anyamata a m'nyumbamo akuchidziwa bwino. Choncho banja likaganiza zokonzanso bafa, kumata matailosi atsopano ndi kuika shawa, rediyeta yakale ija ndiyo imayamba kutulutsidwa panja. Palibe amaimvera chisoni, ngakhale ine. Chimene chimandivuta ndi chinthu chimene anthu amakhoma m'malo mwake.

Inu amene mukuwerenga muli kumudzi, kumene chisanu cha June ndi July timathana nacho ndi juzi ndi mbaula, imene ndikunenayi si rediyeta ya galimoto. Ndi chitsulo champhako chokhomedwa kukhoma. Boila, kawirikawiri ya gasi, imatenthetsa madzi, pampu imawakankha m'mapaipi mpaka afike m'chipinda chilichonse, ndipo amabwerera ku boila atasiya kutentha kwawo m'zitsulozo. Madzi ake ndi omwewomwewo chaka ndi chaka, si amene amatuluka pampopi ayi. Ambiri amati anayambitsa chipangizochi ndi Franz San Galli ku St Petersburg m'zaka za m'ma 1850, koma m'nyumba za anthu wamba ku Britain chinafika mochedwa. Mu 1970 nyumba pafupifupi zitatu zokha pa khumi zilizonse ndi zimene zinkatenthetsedwa motere. Zinafala gasi wa ku North Sea atabwera, pamene dziko lonse linkasinthira ku gasi ameneyu pakati pa 1967 ndi 1977. Nyumba zimene abale athu amakwanitsa kugula ku Leeds, Manchester kapena Nottingham zambiri ndi zakalekale, ndipo mapaipi a zina mwa izo ndi a nthawi imeneyo.

Lowani m'sitolo iliyonse yogulitsa za m'bafa, muona chimene chili m'fasho: chitsulo chonyezimira cha chrome, chokhala ngati makwerero, chokolekapo mathaulo. N'chokongoladi, sindikutsutsa. Chimagwirizana ndi mipopi, chimaoneka cha ku hotela, ndipo pa zithunzi zotumiza kwa achibale pa WhatsApp chimachita kukuchotsa manyazi. Vuto limayamba mu November. Mayi a m'nyumba amatuluka m'shawa akunjenjemera n'kufunsa kuti, "Bambo a ana, kodi boila ija yawonongeka?" Boila ili bwinobwino. Kungoti m'bafamo munachotsedwa chotenthetsera n'kuikidwa choyanikira.

Manambala ake ndi awa. Rediyeta yoyera wamba, ya masentimita 60 mulitali ndi 60 mulifupi, yokhala ndi timalata topindapinda kumbuyo kwake, imatulutsa mawati pafupifupi 600. Makwerero a chrome a masentimita 80 ndi 50 nthawi zambiri safika n'komwe mawati 300. Mbali ina n'chifukwa cha kapangidwe: rediyeta imatenthetsa chipinda makamaka poyendetsa mpweya, wozizira umalowera pansi, umadutsa m'timalata tija n'kutulukira pamwamba utafunda, ndipo makwerero alibe timalata. Mbali ina ndi kunyezimira komweko. Chitsulo chonyezimira chimaumira kutentha kwake, n'chifukwa chake m'kati mwa fulasiki ya tiyi mumanyezimira. Makwerero awiri ofanana kukula, ena openta ena a chrome, a chrome amatsalira ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye muwaveke mathaulo a banja lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kotsalako n'kochepa zedi.

Nawonso manambala olembedwa pa katoni amafuna kuwawerenga ndi maso awiri. Muyezo wa ku Ulaya umayesa rediyeta madzi ake ali pa madigiri 70 m'chipinda cha madigiri 20, ndiye kuti kusiyana kwa madigiri 50. Alipo ogulitsa ena amene amalemba nambala yoyesedwa pa kusiyana kwa 60 kapena 70 kuti ioneke yaikulu, ndipo amakonda kuilemba mu BTU chifukwa wati imodzi ndi ma BTU 3.4 pa ola, motero nambalayo imatupa yokha. Pamene m'nyumba zambiri masiku ano madzi safikanso pa 70. Kuyambira 2005, boila yatsopano iliyonse ya gasi ku England ndi Wales imayenera kukhala ya mtundu umene umakolola kutentha kwa mu utsi wake, ndipo imachita zimenezo bwino madzi obwerera akakhala osapitirira madigiri 55 kapena chapompo. Mu 2022, mtengo wa gasi utakwera moti anthu ankayatsa moonera wotchi, boma lenilenilo linalangiza anthu kutsitsa boila kufika pa 60. Langizo labwino, koma madzi akatsika kufika pa madigiri 50, rediyeta iliyonse imatulutsa pafupifupi theka la zimene zalembedwa pa katoni. Mawati 300 aja asanduka 150.

Wina anganene kuti kuzizidwa mphindi khumi posamba si imfa, ndipo ife tinakulira madzi a m'ndowa. Zoona. Koma ntchito ya rediyeta ya m'bafa si kusangalatsa thupi lokha. Munthu akamaliza kusamba nthunzi imatsala, ndipo ikakumana ndi khoma lozizira imasanduka madzi. Makoma a nyumba zakale za njerwa alibe chotchingira kuzizira m'kati mwake, ndipo bafa kawirikawiri limakhala kumbuyo, kumene mphepo imawomba. Likapanda kufunda silingaume. Pakatha miyezi ingapo timadontho takuda timayamba pakona ya siling'i, kenako m'mizere ya pakati pa matailosi atsopano aja. Nkhungu imeneyi ku Britain anasiya kuiona ngati nkhani ya ukhondo chabe kuchokera pamene mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale mu December 2020, ndipo wofufuza za imfa anapeza kuti chinamupha ndi nkhungu ya m'nyumba imene banja lake linkachita lendi. Sindikunena kuti makwerero a chrome amapha munthu. Ndikunena kuti chinyezi cha m'bafa chimachoka ndi zinthu ziwiri, kutentha ndi fani yotulutsa nthunzi, ndipo pa bajeti ya okonza bafa ambiri zonse ziwiri zimabwera pambuyo pa galasi loyaka magetsi.

Kuchotsa yakaleyo si ntchito yoopsa. Lamulo limafuna munthu wolembetsedwa ku Gas Safe pa boila ndi mapaipi a gasi, osati pa rediyeta, ngakhale kuti wa lendi ayambe wafunsa eni nyumba. Mumazimitsa boila, madzi azizire, n'kutseka mavavu onse awiri. Ya mbali imodzi ili ndi chopotokola, ya mbali inayo imabisala pansi pa kachipewa ka pulasitiki, ndipo imeneyi muziwerenga kuti mwaipotokola kangati, chifukwa ndiyo imagawa madzi kuti marediyeta a kutali ndi boila asamanidwe. Kenako kabeseni pansi, sipanala pa nati, n'kumasula pang'onopang'ono. Poyamba sipatuluka kanthu. Mukatsegula kabowo kotulutsira mpweya pamwamba ndi kakiyi kake, m'pamene madzi amayamba: oyererako kaye, kenako akuda bii, ndipo pomaliza, mukaipendeketsa, phala lakuda lonunkha chitsulo. Likadonthera pa kapeti ya pamasitepe silichokanso, n'chifukwa chake odziwa amanyamula rediyetayo chadodolido kapena atatseka mabowo ndi zala.

Phala limenelo musalitaye musanaliyang'ane. Ndi chitsulo cha rediyeta yomweyo chimene chakhala chikudyeka m'kati, ndipo ngati lachuluka m'bafa ndiye kuti lili m'nyumba monse, mu pampu ndi mu boila momwe. Rediyeta yozizira pamwamba ndi mpweya chabe, kakiyi kamathetsa. Yozizira pansi chapakati ndi matope amenewa. Poti rediyeta mwaichotsa kale, ino ndiyo nthawi yotsuka mapaipi, kuthira mankhwala oletsa dzimbiri, ndipo ndalama zikalola kuika sefa ya maginito pafupi ndi boila. Podzazanso, muvi wa pa boila uime pakati pa 1 ndi 1.5.

Pamene anthu amalira kwenikweni ndi pa mapaipi. Marediyeta akale anapangidwa m'mainchi, atsopano ndi m'mamilimita, ndiye kupeza yofanana ndendende ndi mpata wa mapaipi otuluka pansi ndi mwayi. Makwerero ndiye amakhala opapatiza kwambiri. Britain inasamukira ku mapaipi a mamilimita chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970: paipi yakale ya theka la inchi imalumikizika ndi ya mamilimita 15 popanda vuto, koma ya magawo atatu mwa anayi a inchi simagwirana bwino ndi ya 22 popanda cholumikizira chake. Zonsezi n'zochitika matabwa apansi akadali otsegula. Womata matailosi akangodutsa, paipi yatsala pamene yatsalapo, ndipo zotsatira zake ndi zija mumaona m'mabafa ambiri okongola: kapaipi ka kopa kokhotakhota kakuyenda pamwamba pa matailosi a mtengo wapatali kufunafuna vavu. Rediyeta iyenera kugulidwa, kufika pakhomo ndi kuyezedwa pakhoma pulambala asanatseke pansi. Khomalo likakhala la mabodi, aikiretu thabwa kumbuyo kwake, chifukwa chitsulo chodzaza madzi chimene ana amakoka potenga thaulo sichikhalitsa pa mabodi okha.

Pali imodzi yokha imene ndingaipempherere. Ngati yakaleyo ndi ya chitsulo chochindikala cha makedzana, ya mizati ija, musaipereke kwa ogula zitsulo zakutha. Alipo amene amazigula, kuzipala n'kuzipentanso, ndipo amazigulitsa modula kuposa zatsopano. Kungoti potsika nayo masitepe muitane anzanu, ina imapitirira makilogalamu 100.

Akanandifunsa ine, ndikanati m'bafa mubwerere rediyeta yeniyeni, yoyera, yokulirapo kuposa imene yachokayo, n'kuikapo kandodo ka thaulo kutsogolo kwake. Amene mtima wawo uli pa makwerero agule openta, aatali kufika kumutu, ndipo ngati n'kotheka okhala ndi chotenthetsera cha magetsi m'kati kuti aziumitsa mathaulo m'miyezi imene boila siyatsidwa, koma waya wake aike wamagetsi wovomerezeka. Ndikuti yokulirapo chifukwa bafa lokonzedwa lero likhala zaka 15 kapena 20, ndipo pa zaka zimenezo boila ya gasi idzatha. Kuyambira 2022 malamulo a zomangamanga ku England amafuna kuti zotenthetsera zoikidwa chatsopano m'nyumba zizikwanira ndi madzi osapitirira madigiri 55, ndipo mu 2023 boma linayamba kuthandiza ndi mapaundi 7,500 amene akusiya gasi n'kuika heat pump, makina amene madzi ake nthawi zambiri amakhala pa madigiri 35 mpaka 50. Pa madzi otere timakwerero ta chrome timangofunda mongoyerekeza, ndipo kuti muike yaikulu mudzayamba mwaswa matailosi.