Pa chokoleti cha pa sale, ine ndikuvotera Whole Nut

Palibe mwini shopu amene amadzuka m'mawa n'kuganiza zochitira chifundo ophunzira. Mukaona chokoleti cha Cadbury Dairy Milk chaunjikidwa mubasiketi pafupi ndi potulukira, mtengo wakale atakhwatcha ndi cholembera chofiira, dziwani kuti pali chimene chachitika: mwina tsiku lake layandikira, mwina chinasungunukapo n'kuumanso, mwina ndi mtundu umene anthu anaukana. Ife a ndalama ya loni timagulabe, ndipo sindikuona cholakwika. Koma mkangano wa kuhositelo wakuti mtundu wokoma ndi uti timauyamba molakwika, chifukwa timaweruza zimene zalembedwa pachikutiro osati chimene chatsala mkatimo.

Taganizirani ulendo wake. Dairy Milk wambiri amene timamuona kuno amapangidwa ku Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth, ku South Africa. Amakwera thiraki kudutsa Zimbabwe ndi Tete, n'kukhala masiku pachipata, kenako muweyahausi, kenako pashelefu ya shopu imene magetsi amazima tsiku lililonse. Wina ngati ine akamugula popita kutchuthi, amakweranso minibasi kutsika msewu wa M5 mpaka ku Kasinje, m'chigwa cha Bwanje, kumene mu Okutobala ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa ngolo. Mafuta a koko amasungunuka pa madigiri pafupifupi 34, pansi pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu. N'chifukwa chake chokoleti chimasungunuka pakamwa, komanso n'chifukwa chake chimavutika m'chikwama. Chikasungunuka n'kuumanso, mafuta aja amakwera pamwamba n'kusiya zotuwa ngati phulusa. Si nkhungu ndipo sizidwalitsa, koma kusalala kuja kumatha, chimangofumbutuka ngati chigumu cha dzana.

Ndiye funso loyenera n'lakuti: ndi mtundu uti umene umapirira ulendowu?

Dairy Milk wopanda kanthu mkati ndiye amagonja msanga. Ulemerero wake wonse ndi kusalala, ndipo kukachoka kumeneko mumatsala ndi shuga basi. Top Deck, uja woyera pamwamba ndi wofiirira pansi, ndi wokongola akakhala watsopano, koma mbali yoyerayo ilibe ufa wa koko woti uchepetse kutsekemera, ndipo akatenthedwa mitundu iwiriyo imalowana n'kukhala ngati matope a pamsika mvula itagwa. Fruit & Nut ndimamupatsa ulemu pang'ono, ngakhale mphesa zouma zija zikakalamba zimalimba n'kumakanirira m'mano. Mint Crisp sindikufuna kumutaya nthawi. Amene amamukonda andifotokozere kusiyana kwake ndi mankhwala otsukira mano.

Whole Nut ndi nkhani ina. Mtedza wa hazelnut umene uli mkatimo susungunuka, ndiye ngakhale chokoleti chozungulira chitatuwa, pamakhalabe chinthu chokukuta ndi fungo la mtedza wokazinga limene limabisa ukalamba. Kwa munthu wokulira ku Ntcheu, amene lilime lake linaphunzitsidwa ndi nsinjiro ndi chiponde, kukoma kumeneku n'kwachibale. Chimandiseketsa n'chakuti hazelnut wochuluka padziko lapansi amalimidwa ku Turkey, pamene ife tili ndi chalimbana pakhomo ndi makademiya ku Thyolo amene timatumiza kunja. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chenjezo limodzi lokha: mtedza uli ndi mafuta akeake amene amatha kuvunda, ndiye mukamva kafungo ka mafuta okazingira chipisi kachitatu, musadzikakamize.

Mubasiketi momwemo mumakhalanso tina totchipa kwambiri, ta mayina osadziwika, tolembedwa kuti "chocolate flavoured". Mawu amenewo ndi chivomerezo chakuti m'malo mwa mafuta a koko aikamo mafuta ena a zomera, kawirikawiri a kanjedza. Timeneti sitisungunuka msanga, n'chifukwa chake a maokala kwathu amatikonda, koma pakamwanso sitisungunuka bwino. Timamata kunkhama ngati mwatafuna kandulo. Sindikunyoza ogula. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 mtengo wa koko padziko lonse unadutsa madola 10,000 pa tani imodzi, zokolola zitavuta ku Côte d'Ivoire ndi Ghana, maiko awiri amene amalima koko woposa theka la dziko lonse. Mikwingwirima iwiriyi inakumana pa kachokoleti kamodzi, ndipo chenicheni chinasanduka chakudya cha pa Valentine chokha.

Chimene sindingavomereze ndi kubisa tsiku. "Best before" satanthauza kuti tsikulo likadutsa chakudya chasanduka poizoni. Amatanthauza kuti wopanga sakulonjezanso kukoma kwake. Ngati shopu ikugulitsa motchipa chifukwa tsiku layandikira, inene poyera, ine ndisankhe ndekha. Koma ndaonapo m'shopu ina sitika ya mtengo itamatidwa ndendende pamwamba pa tsiku, pa chokoleti chilichonse mubasiketimo, ndipo zimenezo sizichitika mwangozi. Ntchito yoona zotere ndi ya Malawi Bureau of Standards ndi Competition and Fair Trading Commission, koma maofesi awo ali m'mizinda, ndipo katundu amene watsala pang'ono kutha nthawi amakonda kuthawira kumatauni ang'onoang'ono ngati kwathu, kumene wogula ambiri ndi mwana wa pulayimale amene wapatsidwa chenje. Ife amene timatha kuwerenga tizilembo tating'onoto tizimatula sitikayo pamaso pa wogulitsa tisanalipire.

Tsiku likakhala bwino, tengani Whole Nut, mumuike pakati pa zovala m'chikwama, kutali ndi windo la minibasi. Mint Crisp musiyireni mlamu wanu.